Maseva akulira ndi kutentha mu Okutobala: tigule pulogalamu yolosera?

Funso lachokera kwa mayi wina amene amayang'anira makompyuta pa ofesi ina mumzinda wa Zomba. Chipinda chawo cha maseva, makompyuta akuluakulu amene amasunga ndi kugawa zolembedwa za ofesi yonse, n'cha mamita 4 m'litali ndi 3 m'lifupi, siling'i ili pa mamita 3. Muli makabati awiri achitsulo osanjikamo maseva, UPS (chipangizo cha mabatire chosunga maseva oyaka magetsi akazima) imaonetsa kuti akudya makilowati pafupifupi 5, ndipo pakhoma pali ma AC (makina oziziritsa mpweya) awiri a 18,000 BTU iliyonse (BTU ndi muyezo wa kutentha kumene AC imachotsa pa ola), onse otcheredwa pa madigiri 16. Komabe mu Okutobala ndi Novembala masana maseva amalira kuti atentha, ndipo magetsi akazima pamakhala yakaliyakali. Tsopano kwabwera wamalonda ndi pulogalamu ya AI, yophunzira yokha pa manambala, imene akuti imalosera kutentha ngati mmene amachitira a Google, ndipo abwana akudikira yankho. Akufunsa kuti: tigule?

Achemwali, musagule pakali pano. Kulosera kutentha kwa chipinda cha maseva ndi ntchito yeniyeni ndipo ine ndimaikhulupirira, koma pulogalamu iliyonse yolosera imaphunzira pa manambala a chipinda chanucho, ndipo m'funso lanu nambala ya kutentha imene ndaiona ndi 16 ya pa rimoti yokha. Nambala imeneyo ikungonena zimene mwapempha AC kuti ichite, siikunena mpweya umene maseva akupuma. Chipinda ngati chanu chifunika kudziwiratu zinthu ziwiri: magetsi akazima muli ndi mphindi zingati maseva asanayambe kuzima okha, ndiponso mawa masana kukawotcha ma AC anu akwanitsa kapena ayi. Zonse ziwiri mungazipeze nokha, ndipo zida zake zambiri muli nazo kale.

Tiyambe ndi masamu ochepa, chifukwa vuto lanu la masana likuonekera pomwepa. Magetsi onse olowa mu seva amatuluka ngati kutentha, palibe kwina kumene amapita. Makilowati 5 anuwo ali ngati simbi zamagetsi zisanu zositira zosiyidwa zoyaka m'kachipinda kotseka usana ndi usiku, chaka chonse. Kilowati imodzi ndi BTU 3,412 pa ola, ndiye maseva okha akutulutsa BTU zoposa 17,000. Onjezani kutentha kwa UPS yeniyeniyo, mababu, ndi kumene kukulowa kudzera m'khoma ndi padenga, makamaka ngati pamwamba pa siling'i pali malata. Mwadutsa kale 18,000.

Ndiye 18,000 yolembedwa pa AC ija ndi ya ku fakitale. Opanga amaiyeza kunja kuli madigiri 35, m'chipinda muli 27. Mpweya wobwerera mu AC ukazizira kuposa pamenepo, mphamvu yake yochotsa kutentha imatsika. Pamene pali kompulesa kunja pakatentha kupitirira 35, imatsikanso. Komanso AC ya pakhoma anaipangira anthu, amene amatuluka thukuta, motero gawo lina la mphamvu yake limathera pofinya chinyezi mumpweya, madzi aja amadontha papaipi kunja. Maseva satuluka thukuta, akufuna mphamvu yonse ipite pa kutentha kokha. Mukaphatikiza zonsezi, AC imodzi siingasenze chipinda chanu masana a Okutobala. Mwina abwana akuganiza kuti ali ndi AC imodzi yogwira ntchito ndi ina yodikirira tsiku la mavuto. Zoona n'zakuti onse awiri akukoka katundu mmodzi, ndipo imodzi ikatha gasi palibe yoilowa m'malo. Choyamba kuwauza n'chimenechi.

Nanga kutentha tiyeze pati? Bungwe la akatswiri a zoziziritsa la ku America lotchedwa ASHRAE, limene opanga maseva ambiri amatsatira malangizo ake, limalimbikitsa kuti mpweya wolowa mu seva ukhale pakati pa madigiri 18 ndi 27. Mu 2004 ankanena 20 mpaka 25, kenako mu 2008 anakulitsa mpatawo. Muyezo umenewu ndi wa kutsogolo kwa kabati, pamene mafani a seva akukokera mpweya. Kumbuyo kwa kabati kukafika 35 kapena 40 musadandaule, seva ikungotaya kutentha kwake monga anaipangira. Vuto limayamba mpweya wa kumbuyowo ukazungulira n'kulowanso kutsogolo, ndipo m'zipinda zazing'ono za m'maofesi athu ndi matenda amene ndimawapeza kwambiri kuposa ena onse.

Mukalowe m'chipindamo cha m'ma 2 koloko masana, mutseke chitseko, mutenge kapepala ka tishu. Kagwireni kutsogolo kwa kabati pamene pali mpata wopanda seva. Kakamakupiza chobwera kwa inu, ndiye kuti mpweya wotentha ukudutsa pampatapo kuchokera kumbuyo, ndipo seva ya pafupi ikuumeza. Kenako ikani dzanja pansi pa kabati kutsogolo, mulikweze pang'onopang'ono. Kawirikawiri pansi pamakhala pozizira bwino, pofika paphewa payamba kufunda, pamwamba penipeni mukumva mpweya wofunda umene wadumpha kabati kuchokera kumbuyo. Seva yoyamba kulira imakhala ya pamwambayo, pamene AC pakhoma ikuoneka kuti ili bwino chifukwa iyo ikuyeza mpweya wa pakamwa pake pokha.

Kukonza zimenezi sikudya ndalama zambiri. Mipata yonse ya kutsogolo kwa kabati itsekedwe. Zotsekera zake zikasowa, wowotcherera wa ku Chinamwali kapena ku Matawale angakudulireni timalata tosalala pa muyezo wake. Makatoni ndi pulayiwudi ayi, chifukwa cha moto. Makabati onse awiri ayang'ane mbali imodzi kuti ina isamapumire mpweya wake wotentha kutsogolo kwa inzake, ndipo AC iziuzira kutsogoloko. Mtolo wa mawaya kumbuyo umangidwe m'mbali kuti usatseke potulukira mpweya. M'ma data centre, nyumba zikuluzikulu zosungiramo maseva ambirimbiri, ngati ya boma imene inatsegulidwa ku Blantyre mu 2022, mfundo yotsatira ndi yomweyi: kanjira ka mpweya wozizira kutsogolo, ka mpweya wotentha kumbuyo, ndipo ambiri amachita kutchinga ndi zitseko kuti mpweya wa mbali ziwirizi usasakanikirane.

Kuchuluka kwa mpweya n'kofunika ngati kuzizira kwake. Kuti kilowati imodzi ichoke, mpweya ukumafunda ndi madigiri 10 podutsa mu seva, pafunika makyubiki mita pafupifupi 300 pa ola kumalo otsika a m'mphepete mwa nyanja yamchere. Zomba ili pamtunda wa mamita pafupifupi 900, kumene mpweya ndi wopepukirapo ndi gawo limodzi mwa magawo 10, ndiye muwerengere 330. Pa makilowati 5 mukufuna opitirira 1,600 pa ola. AC ya pakhoma ya 18,000 BTU kawirikawiri imauzira pakati pa 800 ndi 1,000 fani yake ikakhala pa liwiro lapamwamba. Wina akaitsitsa chifukwa cha phokoso, kapena zosefera zikadzaza fumbi, maseva amakokabe mpweya umene akufuna, ndipo wotsalawo amautenga kumbuyo, wotentha. Mafani a ma AC anu asamachoke pa liwiro lapamwamba.

Zoyezera muli nazo kale. Maseva a Dell ali ndi iDRAC, a HPE ali ndi iLO, zipangizo za mkati zoyang'anira seva, ndipo zonse zimaonetsa kutentha kwa mpweya wolowa. Pulogalamu yaulere ngati Zabbix ingamatole manambalawo kudzera pa netiweki mphindi iliyonse n'kumasunga. UPS yokhala ndi khadi ya netiweki imanena katundu amene yasenza, nthawi imene magetsi a ESCOM achoka ndi imene abwera. Zogula n'zochepa: masensa atatu kutsogolo kwa kabati iliyonse, pansi, pakati ndi pamwamba, imodzi ya chinyezi ndi imodzi ya kunja. Timasensa ta DS18B20 tolumikiza ku kakompyuta kakang'ono kotchedwa Raspberry Pi timagwira bwino ntchito yoyeza kutentha, ndipo wophunzira za makompyuta wa ku University of Malawi komweko ku Chirunga angazilumikize mosavuta, iye n'kupezerapo phunziro lenileni.

Za 16 ija ndikumvetsa mtima wake: munthu ukaona makina akulira umatsitsa rimoti mpaka pothera. Koma AC yotcheredwa pa 16 m'chipinda chimene sichingafike 16 imangoyendetsa kompulesa osapuma. Mayunitsi amatha, kompulesa imakalamba msanga, ndipo mpweya wodutsa ukachepa kapena gasi akatsika, pa mapaipi a mkati pamaundana madzi. Madzi oundanawo amatseka njira, AC n'kumangolira osaziziritsa. Akasungunuka amadontha, ndipo ngati kabati ili pansi pake mukudziwa kumene agwere. Nyengo ya mvula, kuyambira Disembala mpaka Malichi, mpweya wa Zomba umakhala wodzaza chinyezi, moti chitseko chikangotseguka chitsulo chozizira kwambiri chimagwa mame. Chinyezi chikamadutsa 60 pa 100 aliwonse m'chipindamo, yambani kufufuza kumene mpweya wakunja ukulowera.

Sindingakuuzeninso kuti mukwere mpaka 27 ngati mmene amachitira kumayiko kumene magetsi sazimazima. Chipinda chozizirirapo chimakupatsani timphindi towonjezera magetsi akachoka, ndipo mpweya wolowa ukafunda kwambiri mafani a maseva amathamanga n'kumadya magetsi ambiri. Palinso mabatire a UPS, amene amafuna madigiri 20 mpaka 25, ndipo moyo wawo umatsika ndi theka pa madigiri pafupifupi 10 aliwonse opitirira pamenepo. Ine ndikanakhala inu, ndikanafuna sensa ya pamwamba pa kabati izionetsa 22 mpaka 24, rimoti ndikanaitchera pa nambala iliyonse imene ikubweretsa zimenezo.

Tsopano kulosera koyamba, kumene ndimakuona kofunika kwambiri kuno kwathu. M'chipinda chanu muli mpweya wa makyubiki mita 36, wolemera makilogalamu pafupifupi 40. Kufunditsa kilogalamu imodzi ya mpweya ndi digiri imodzi kumafuna kilojulu imodzi, ndipo maseva anu akutulutsa makilojulu 5 pa sekondi iliyonse. Mpweya wokha ukanati uzilandira kutentha konseko, bwenzi ukukwera digiri imodzi pa masekondi 8 aliwonse, kuchoka pa 22 kufika pa 35 mphindi 2 zisanakwane. Mwayi wake n'ngwakuti makoma, simenti ya pansi ndi zitsulo za makabati zimamwa gawo lina, motero kutentha kumakwera msanga poyamba, kenako n'kumakwera pang'onopang'ono. Koma nkhani yake ndi ya mphindi, si ya maola. Maseva ambiri a m'maofesi anawapangira mpweya wolowa wosapitirira 35. Kupyola pamenepo amayamba kudzichepetsa liwiro, kenako amazima okha.

Apa pali msampha umene ambiri sauona. UPS imasunga maseva, siisunga AC. Ndiye ofesi ikagula mabatire ambiri kuti maseva azikhala ola lathunthu magetsi atazima, yagulanso ola lathunthu la makilowati 5 m'chipinda chotseka chopanda choziziritsa. Mabatire akachuluka, chiopsezo cha kutentha chimakula ngati simunakonzekere mbali inayi.

Mphindi zenizeni za chipinda chanu zimadziwika poyesa. Sankhani Loweruka m'mawa kukali kozizira, mutatsimikiza kuti makope a data ya dzulo anasungidwa bwino, ndipo mukhale awiri. Tsekani chitseko, zimitsani ma AC onse, wina azilemba nambala ya sensa ya pamwamba masekondi 30 aliwonse, wina ali chire ndi rimoti m'manja. Ikafika 30 yatsani, musapitirire. Chipinda chikabwerera mwakale, yesani kuzimitsa AC imodzi yokha, muone ngati inzakeyo ikugwira kapena ikungochedwetsa kukwera. Kenako yesani ndi chitseko chotsegula, fani yaikulu ikutulutsa mpweya wa kumbuyo kwa makabati. Mukajambula manambalawa mupeza mizere itatu imene ikukuuzani zimene palibe wamalonda angakuuzeni. Ingokumbukirani kuti mzere wa mu Juni kapena Julaye, nthawi ya chiperoni, umanyengerera: makoma ozizira amamwa kutentha kwambiri. Mu Okutobala masana makomawo amakhala atakhuta kale, ndiye mphindi zanu zimachepa. Muyesenso kumapeto kwa Seputembala.

Mukadziwa mphindizo, dongosolo limadzilemba lokha. Maseva oyeserera ndi ena osafunika kwambiri azizima okha magetsi akangochoka. Pulogalamu yobwera ndi UPS, kapena yaulere yotchedwa NUT, imachita zimenezo. Mukatsitsa katundu kuchoka pa makilowati 5 kufika pa 2, mphindi zanu zimachuluka kuposa kawiri. Seva yosunga zolembedwa za ofesi izitsekedwa bwinobwino mpweya wolowa ukafika 32, isanazime yokha zinthu zili pakati polembedwa. Ndipo chenjezo lisamadikire nambala yaikulu. Liziyang'ana liwiro: kutentha kukakwera ndi digiri imodzi pa mphindi, uthenga upite pa foni nthawi yomweyo, ngakhale sensa ikadali pa 24. Kumeneku ndiye kulosera: pamene tili, kuwonjezera liwiro limene tikukwera, kuti tidziwe nthawi yofika pa ngozi. Zabbix ili ndi masamu ake a zimenezi, otchedwa forecast ndi timeleft, ndipo salipiritsa.

Pa jenereta fufuzani zinthu zitatu ndi maso anu, musangomva. Kodi ma AC analumikizidwa ku jenereta n'komwe? M'nyumba zambiri anawasiya dala poopa kuilemetsa, osakumbukira kuti ena mwa iwo ndi a chipinda cha maseva. Kodi magetsi akabwera AC imayaka yokha, kapena imadikira munthu wa rimoti? Zina sizidzuka zokha, ndipo magetsi akazima 11 koloko usiku n'kubwera patapita mphindi 10, maseva amagwira ntchito mpaka m'mawa popanda choziziritsa. Chachitatu, kompulesa imadikira mphindi pafupifupi 3 isanayambenso, kuti isawonongeke, ndiye mphindi zimenezo muziwonjezere pa nthawi yolizira jenereta. Ma AC akale osakhala a inverter, amene kompulesa yake siisintha liwiro, amakoka magetsi ochuluka kangapo poyamba, moti awiri akayambira pamodzi jenereta yaing'ono imatha kugwada. Asiyanitseni ndi mphindi imodzi kapena ziwiri. Musaone ngati ndikukokomeza. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo kuzima kwa maola ambiri kunali kwa tsiku ndi tsiku. Chipinda cha maseva cha ku Malawi chiyenera kukonzedwa ndi nyengo ngati imeneyo m'maganizo.

Kulosera kwachiwiri ndi kwa mawa masana, ndipo kumafuna kudekha. Sensa ya kunja ija muiike pamthunzi pafupi ndi pamene kompulesa ikukokera mpweya, chifukwa AC imamva kutentha kwa pamalo pomwepo. Khoma loyang'ana kumadzulo lokhala ndi konkire pansi limatha kutentha madigiri angapo kuposa zimene zalengezedwa pa wailesi. Komanso Zomba si imodzi: pamwamba pa phiri ku Ku Chawe, m'tauni, ndi kumunsi cha ku Jali ndi ku nyanja ya Chilwa, kutentha kumasiyana tsiku lomwelo. A Nthambi yoona zanyengo amapereka nambala ya dera lonse. Ntchito ya zolemba zanu ndi kusandutsa nambala imeneyo kukhala ya pakhoma panu.

Lembani mphindi 5 zilizonse kutentha kwa kunja, kwa pamwamba pa kabati, chinyezi ndi katundu wa UPS. Pakatha milungu 6, kuyambira pakati pa Seputembala, ikani mu Excel, mujambule kutentha kwa kunja chopingasa, kwa pa kabati choimirira. Mudzaona madontho atagona mosalala pamene ma AC akukwanitsa, kenako pena pake mzere ukupindika n'kuyamba kukwera. Popindikirapo ndiye malire a ma AC anu. Tiyerekeze kuti mwapeza pa madigiri 33 a pa kompulesa. Ndiye mwadziwa kuti kupitirira 33, digiri iliyonse ya kunja ikuwonjezera mwakutimwakuti mkati. Mudzaonanso kuti chipinda chimachedwa: njerwa zimamwa dzuwa masana n'kulilavula mochedwa, moti kunja kumatentha kwambiri cha m'ma 2 koloko, mkati cha m'ma 4 kapena 5, nthawi zina anthu ataweruka. Sunthani manambala a kunja ndi ola limodzi, awiri, atatu, muone pamene akugwirizana bwino ndi a mkati. Kuchedwa kumeneko ndi mphatso, chifukwa sensa ya kunja imakuchenjezani maola angapo mkati musanafike poipa.

Mukatero, a zanyengo akanena kuti mawa kuwotcha, inu mukudziwa kale kuti pa kompulesa panu pafika pati ndipo pamwamba pa kabati pafika pati madzulo. Ntchito zolemera ngati kukopera data muzisunthira usiku, maseva oyeserera azime masana, zosefera zitsukidwe lero, ndipo anthu asamalowelowe m'chipindamo.

Koma phindu lalikulu la mzere umenewu, kwa ine, lili pa tsiku limene ukulephera. Mzere ukanena 24 koma sensa n'kumaonetsa 26 masiku atatu otsatizana, katundu wa UPS asanasinthe, ndiye kuti AC ina yadwala. Mwina zosefera zadzaza fumbi la chilimwe, mwina zipsepse za kompulesa zatsekeka ndi phulusa la lupsa lochokera m'phiri ndi m'minda, mwina gasi akutha pang'onopang'ono pamfundo ya paipi. Mumadziwa milungu iwiri zinthu zisanafike pa mwana wakana phala, n'kuitana mmisiri mosathamanga. Potsimikiza, yezani mpweya wolowa mu AC ndi wotuluka: AC yabwino imasiyanitsa ndi madigiri pafupifupi 8 mpaka 12. Kusiyanako kukachepa, ganizirani za gasi kapena kompulesa. Kukakula kwambiri pamene mpweya ukutuluka mofooka, ganizirani zosefera. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, zosefera zizitsukidwa milungu iwiri iliyonse.

Za Google zimene wamalondayo akunena n'zoona, koma muzimve bwino. Mu 2016 kampani yawo ya DeepMind inalengeza kuti yachepetsa magetsi oziziritsira ndi 40 pa 100 aliwonse pa malo amene anayesapo. Anaphunzitsa makompyuta pa manambala amene masensa masauzande ambiri anali atasonkhanitsa kale, kuti azilosera kutentha kwa ola likubweralo, ndipo mu 2018 anailola pulogalamuyo kuti iziwongolera yokha makina oziziritsa akatswiri akuyang'anira. Inapambana chifukwa kumeneko kuli zosintha zambirimbiri: mapampu, makina oziziritsa madzi, nsanja zotayira kutentha, mafani a liwiro losinthasintha, zonse zokhudzana mwa njira imene mutu wa munthu sungaigwire nthawi imodzi. Inu muli ndi marimoti awiri. Ngakhale pulogalamu italosera molondola chotani, palibe chimene ingasinthe chimene inu simungasinthe ndi chala.

Kumbukiraninso za pa 19 Julaye 2022, tsiku limene kutentha ku Britain kunadutsa madigiri 40 koyamba m'mbiri. Ma data centre a Google ndi Oracle ku London anavutika ndi makina oziziritsa ndipo anazimitsa makompyuta ena. Kutenthako kunali kutalengezedwa masiku angapo m'mbuyo. Kudziwiratu sikuwonjezera BTU ngakhale imodzi pa makina amene afika pa malire ake, ndipo chipinda chanu, monga taonera, chili pa malire kale.

Ngati abwana akufuna nambala imodzi yoonera kuwononga magetsi, apatseni imene imatchedwa PUE, yomwe bungwe la The Green Grid linayambitsa mu 2007: magetsi onse a chipinda kugawa ndi magetsi a maseva okha. Google imanena kuti yake ili pafupi ndi 1.1. M'zipinda zazing'ono za ma AC a pakhoma si zachilendo kuyandikira 2, kutanthauza kuti pa yunitsi iliyonse ya maseva mukulipiranso ina yoziziritsira ndi yotayika mu UPS. Ikani kamita pa mawaya a ma AC, muyeze musanatseke mipata ndi kukweza rimoti, muyezenso pambuyo pake. Kusiyanako kudzaoneka pa ndalama za mayunitsi, chinenero chimene a ku ofesi ya zachuma amachimva msanga.

Wamalondayo musamuthamangitse. Muuzeni abwerenso mukakhala ndi manambala a miyezi itatu, awaike mu pulogalamu yake, alosere sabata imene simunamuonetse, muyerekeze ndi mzere wanu wa mu Excel. Mumufunse ngati imagwira ntchito intaneti ikaduka, popeza nthawi zambiri intaneti imapita limodzi ndi magetsi. Mumufunse ngati malipiro ake ndi a chaka ndi chaka m'madola, m'dziko limene ndalama zakunja zimavuta chonchi, komanso ngati manambala anu adzatsala m'manja mwanu mukasiya kulipira. Ofesi yanu ikadzakula n'kufika makabati 10 kapena 20 okhala ndi makina oziziritsa owongoleredwa pa netiweki, funso lanuli ndidzaliyankha mwa njira ina.

Ndalama imene ikanapita ku pulogalamuyo iyambe ndi zotsekera mipata ndi masensa. Itsatire AC yachitatu, kapena kusintha awiriwo ndi akuluakulu, kuti iliyonse ikhoza kufa chipinda n'kukhalabe bwino. Azisinthana sabata ndi sabata kuti yodikirirayo isaume. Makompulesa apatsidwe mthunzi wa pamwamba wosatseka mpweya m'mbali. Pakhoma la kumbuyo kwa makabati paikidwe fani yotulutsa mpweya yolumikizidwa ku UPS, ndi polowera mpweya pokhala ndi chosefera kutsogolo, zotseguka pa nthawi ya ngozi yokha. Fani yotero imadya mawati 100 kapena 200 okha, ndipo mpweya wakunja wa madigiri 32 ndi wabwino kwa seva kuposa wa m'chipinda chotseka umene ukupita ku 45. Ena angakuuzeni kuti muziziziritsa ndi mpweya wakunja nyengo yonse yozizira. Pa chipinda chaching'ono chonchi sindikulimbikitsa, chifukwa chiperoni chimabwera ndi chinyezi, ndipo zosefera zake zimafuna munthu woziyang'anira nthawi zonse.

Chomaliza ndi uthenga wa chenjezo. Kachipangizo kotumiza uthengawo kakhale pa UPS ndipo kakhale ndi simu khadi yakeyake, kasadalire intaneti ya ofesi. Uthenga uzipita kwa anthu osachepera awiri. Mlonda wa usiku aonetsedwe pamene pali kiyi, batani loyatsira fani, ndi nambala yoimbira, ndipo zilembedwe m'Chichewa pachitseko. Kamodzi pa mwezi fumbatani sensa ya pamwamba m'dzanja kwa mphindi imodzi, muone ngati mafoni onse awiri alira, chifukwa simu khadi yosagwiritsidwa ntchito imatha mayunitsi kapena kutsekedwa popanda wodziwa.